Foni Imadziwa Bwanji Kuti Yatentha? Nkhani ya Tebulo la mu Kernel

Foni ikatentha imachepetsa liwiro, nthawi zina imakana kuchaja, ikafika poipa imadzizimitsa yokha. Komatu m'kati mwake mulibe thermometer ngati ija ya mu labu. Pafupi ndi batire mumakhala kachipangizo kochepa kuposa njere ya mpunga, kotchedwa thermistor. Kachipangizoka sikadziwa madigiri. Chomwe kamachita n'kusintha resistance basi: kukatentha resistance imatsika, kukazizira imakwera. Mtundu umenewu ndi umene timautcha NTC.

Ndiye amasandutsa ma ohm kukhala madigiri ndani? Thermistor ija amailumikiza ndi resistor ina mu potential divider, monga timajambulira pa bolodi. Voltage ya pakati imawerengedwa ndi ADC, gawo lomwe limasandutsa voltage kukhala nambala. Nambalayo imapita kwa driver, kapulogalamu kodziwa kulankhula ndi chipangizo chimodzi. Driver imakhala mu kernel, chimake cha operating system. Mafoni a Android amayendera kernel ya Linux, yomwe Linus Torvalds anayamba kulemba mu 1991, ndipo aliyense angathe kuwerenga mmene inalembedwera.

Vuto ndi ili: resistance ya NTC sitsika mowongoka. Tengani thermistor ya kampani ya Murata yotchedwa NCP15XH103. Pa 25°C imakhala ndi ma ohm 10,000. Pa 0°C ndi pafupifupi 27,200, pa 50°C ndi pafupifupi 4,160. Mukajambula graph mupeza mzere wopindika. Masamu ake alipo, monga equation ya Steinhart–Hart, koma amafuna ma logarithm ndi manambala a desimali. Olemba kernel amapewa kwambiri masamu a desimali, chifukwa gawo la purosesa lochita masamuwo limasiyidwira mapulogalamu wamba, ndipo kulibwereka kumadya nthawi. Amagwira ntchito ndi manambala athunthu. N'chifukwa chake Linux imalemba kutentha m'magawo 1,000 a digiri: 27.5°C imalembedwa 27500.

M'malo mwa equation, driver yotchedwa ntc_thermistor imasunga matebulo. Mzere uliwonse uli ndi zinthu ziwiri zokha: madigiri ndi ma ohm ake. Tebulo loyambira pa -40°C kufika pa 125°C, lodumpha madigiri 5, limakhala ndi mizere 34.

Tiyeni tiyese. Tinene kuti driver yapeza ma ohm 9,150. Mu tebulo nambalayi mulibe. Muli 10,000 pa 25°C ndi pafupifupi 8,300 pa 30°C. Driver imangoyesa kuti pakati pa mizere iwiriyi graph ndi yowongoka. Kuchoka pa 10,000 kufika pa 9,150 tatsika ndi 850, ndipo mpata wonse ndi 1,700. Ndiye kuti tili pakatikati, yankho ndi 27.5°C. Mukawerengera ndi equation mupeza pafupifupi 27.35°C. Kusiyanako n'kochepa, batire silingadandaule.

Tsopano yesani ulesi. Chotsani mizere yonse, musiye wa 0°C ndi wa 50°C okha, kenako mufunse kuti ma ohm 10,000 ndi madigiri angati. Tatsika ndi 17,200 pa mpata wa 23,040, zomwe zikupereka pafupifupi 37°C. Chonsecho yankho lenileni ndi 25°C! Madigiri 12 atayika chifukwa chongotalikitsa mizere. Mabatire ambiri a lithium safunika kuchajidwa akapitirira pafupifupi 45°C, ndiye foni yolakwitsa chonchi ingathe kukana kuchaja kuli bwinobwino. Ikalakwitsa motsitsa ndiye zoopsa zenizeni: imapitiriza kuchaja batire lotentha kale.

Chimene chimandisangalatsa ine kwambiri ndi kasanjidwe kake. Mizere iyenera kutsatana, ma ohm azitsika kuchokera pamwamba mpaka pansi. Chifukwa chake n'chakuti driver siwerenga mzere ndi mzere. Imayang'ana pakati pa tebulo, n'kuona ngati nambala yake ili kumtunda kapena kumunsi, n'kutaya theka linalo, kenako n'kubwereza. N'chimodzimodzi mmene mumafufuzira mawu mu dikishonale. Mizere 34 imatha ndi mayang'anidwe 6 kapena kuchepera. Koma wina akasinthanitsa mizere iwiri polemba, driver singadziwe. Ipereka yankho labodza mosakayika n'komwe.

Chachiwiri, manambala amasiyanitsidwa ndi masamu. Njira yofufuzira ndi imodzi, koma mtundu uliwonse wa thermistor uli ndi tebulo lakelake. NCP15WB473, mwachitsanzo, ili ndi ma ohm 47,000 pa 25°C, osati 10,000. Kernel imadziwa tebulo loti itenge kuchokera mu device tree, fayilo yofotokoza zipangizo zomwe zili pa bolodi la foni kapena kompyuta, momwe mumalembedwa dzina ngati "murata,ncp15xh103". Kukabwera thermistor yatsopano, amangowonjezera tebulo ndi dzina, osakhudza masamu omwe anayesedwa kale. Matebulowa amalembedwanso kuti const, kutanthauza kuti pulogalamu ikamayenda sayenera kusinthidwa.

Amene muli ndi mwayi wa kompyuta ya Linux kapena Raspberry Pi, tsegulani terminal mulembe cat /sys/class/thermal/thermal_zone0/temp. Kawirikawiri nambala imeneyi imachokera ku sensa ya m'kati mwa purosesa kapena ya pa bolodi, koma kalembedwe n'komweko: mukaona 48000, gawani ndi 1,000. Amene mulibe kompyuta, nayi ntchito ya pa pepala: pa 20°C thermistor yathu ili ndi ma ohm pafupifupi 12,100. Driver ikapeza 11,260, ilemba nambala yanji?