Galu Sakana Mbale, Mukanireni Ndinu

Ana anga, galu musamupatse kimchi. Musamupatse masamba ake. Musamupatse msuzi wake. Musamubisire mu nsima. Ndayamba ndi lamulo kuti amene atope msanga apite atamva chachikulucho. Otsalanu khalani pansi mumve chifukwa chake, pakuti lamulo lopanda chifukwa mwana amaliphwanya tsiku lomwe mayi ake achoka pakhomo.

Kimchi ndi ndiwo ya ku Korea. Ambiri mwamuona m'mafilimu awo pafoni, ena mwamugula m'mabotolo ku Johannesburg kapena ku London. Amatenga kabichi wawo wa masamba ataliatali, m'bale wake wa chainizi, n'kumunyika mumchere mpaka afote. Kenako tsamba lililonse amalipaka phala lofiira la tsabola wosinja, adyo, jinja, anyezi wamasamba ndi msuzi wa nsomba zamchere. Akatero amavundikira mumtsuko masiku kapena miyezi mpaka asase. Chimene chimasasitsa ndi tizilombo tosaoneka ndi maso, ta fuko lomwe limasandutsa mkaka kukhala chambiko. Kwawoko mabanja amasonkhana chakumapeto kwa chaka, chisanu chisanafike, kupanga kimchi wambiri pamodzi. Mwambowo amautcha kimjang, ndipo mu 2013 bungwe la UNESCO linaulemba pa miyambo yofunika kusungidwa. Ndi chakudya chaulemu. Koma ndi chakudya cha anthu.

Galu wamkota sakandira pachabe. Ndikunena izi chifukwa ndinalipira.

Kimchi ndinamuphunzira kukhitchini, pamene ndinkaphikira banja lina lochokera ku Korea, ndipo ndinayamba kumapanganso kunyumba kwanga. Chidebe china chinasasa mopitirira. Ana anachikana. Kutaya, mtima unandipweteka, poti kabichi ndi adyo ndinagula ndi ndalama. Pakhomo panali kagalu ka mwana wanga wamwamuna, kosakwanitsa chaka. Ndinati galu sasankha. Madzulo aliwonse ndinkaphwanya mkute, kuthirapo kimchi, kutsanulirapo msuzi wa anyezi wotsala mumphika, n'kukaikira pansi. Kankayetsemula. Kankapala kukamwa ndi mwendo wakutsogolo. Kenako kankamaliza mbale yonse n'kuthamangira ku madzi. Mwana wanga anandiuza kuti kagaluko kakuwawidwa. Ndinamuyankha kuti chikadakhala chowawa sikakanamaliza.

Kanayamba ndi kutsegula m'mimba. Ndinati n'zongodutsa. Kenako kanasiya kuthamangira kugeti. Kankangogona pamthunzi, kupuma wefuwefu popanda kuthamanga. Mwana wanga ndiye anakweza mlomo wa kagaluko n'kundiitana. Nkhama zomwe zinali zofiira zinali zitayera mbuu. Pomwe kanakodza panali pofiirira ngati tiyi wopanda mkaka.

Tinakanyamula pa kabaza, mwana atakafungatira m'chitenje. Dokotala wa ziweto anafunsa chinthu chimodzi: zimene kanakhala kakudya sabata yonseyo. Ndinayankha nditazyolika. Anakaika diripu. Ndalama zimene ndinkasunga za feteleza zinathera pomwepo, ndipo chaka chimenecho chimanga chathu chinaonetsa. Kagaluko kanachira, koma kanatenga nthawi kali nthiti zokhazokha. Mwana wanga sanandilole kugwiranso mbale ya kagaluko. Sanandinyoze. Ankangoitenga mwakachetechete n'kukaika yekha. Kabichi amene ndinkaumira ananditengera feteleza, n'kunditengeranso chikhulupiriro cha mwana.

Tsono mverani zimene zili m'chidebemo.

Mdani woyamba ndi anyezi ndi adyo. Ameneyu ndiye woopsa kuposa onse, chifukwa sachita phokoso. Zomera za fuko la anyezi zili ndi mankhwala a sulfur amene thupi la munthu limapirira, koma la galu limagonja nawo. Amalowa m'magazi n'kuwononga maselo ofiira, aja onyamula mpweya. Maselowo amasweka, thupi limawachotsa, galu amatsala ndi magazi ochepa. Nkhama zimayera. Mtima umathamanga. Mkodzo umada. Nthawi zina maso amachita chikasu. Zizindikirozi sizibwera tsiku lomwe wadya. Zimadikira masiku angapo, inu mutaiwala kale zimene munamupatsa, n'kuyamba kunamizira aneba kuti athira chiphe.

Madokotala a ziweto amachenjeza kuti ngozi imayamba galu akadya anyezi wokwana magalamu 5 pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake. Galu wa makilogalamu 10, magalamu 50 akwana. Ameneyo ndi anyezi wamng'ono mmodzi. Adyo ndi wamphamvu katatu mpaka kasanu kuposa anyezi, ndipo kimchi adyo samuchita kuumira. Musanyengedwe kuti kuphika kumachotsa vutoli. Sikuchotsa. Kukazinga sikuchotsa. Kuumitsa sikuchotsa, ndipo adyo waufa ndiye woposeratu, chifukwa madzi anachoka n'kutsala mphamvu yokhayokha. Kusasa kwa mumtsuko nakonso musakudalire.

Ndinene zoona: galu wamkulu akanyambita tsamba limodzi logwa pansi, kawirikawiri palibe chimene chingamuchitikire. Musakuwe. Chimene chinagwetsa kagalu kathu ndi kubwereza. Lero pang'ono, mawa pang'ono, thupi lisanapange maselo atsopano mwathiranso. Pang'onopang'ono ndi mtolo. Tiagalu tating'ono timagwa msanga. Agalu a ku Japan monga Akita ndi Shiba Inu amagwanso msanga chifukwa cha chibadwa cha magazi awo, ndipo inu amene mumasamalira agalu a eni ake kunja kuno, zimenezi muzidziwe. Mphaka ndiye sapirira n'komwe.

Mdani wachiwiri ndi mchere. Kimchi sangakhalepo popanda mchere, pakuti ndiwo umaletsa kabichi kuola. Galu amayamba kudwala ndi mchere wokwana magalamu 2 mpaka 3 pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake. Supuni ya tiyi imodzi imanyamula pafupifupi magalamu 6. Werengani nokha pa kagalu ka makilogalamu 3. Poyamba ndi ludzu ndi kusanza. Zikakula ndi kunjenjemera, kuzandima, kukomoka. Ngozi imakula kwa galu womangidwa pa tcheni padzuwa, mbale ya madzi ili gwaa.

Mdani wachitatu ndi tsabola. Mbalame zimajompha kambuzi m'munda osamva kanthu, chifukwa capsaicin, chinthu chowotcha cha mu tsabola, sichizigwira. Galu chimamugwira monga chimagwirira ife. Chimawotcha lilime, chimawotcha m'mimba, chimawotchanso potuluka. Inu mumasankha kuwotchedwa chifukwa mumamva kukoma. Galu sanasankhe. Amamaliza mbale chifukwa cha njala, chifukwa cha fungo la nsomba, chifukwa waipatsidwa ndi dzanja limene amalikhulupirira. Kumaliza mbale si umboni. Ndikubwereza: kumaliza mbale si umboni.

Ndikudziwa chimene mundiyankhe. Mwaona pa intaneti kuti zakudya zosasa zili ndi tizilombo tabwino tothandiza m'mimba, ndipo wina wajambula galu wake akudya mokondwa. Tizilomboto tilipodi. Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Tizilombo tabwinoto tikubwera m'galimoto imodzi ndi adyo, anyezi, mchere ndi tsabola, ndipo simungatsitse ena n'kusiya ena. Kutsuka ndi madzi kumachotsa kufiira kwa pamwamba, koma zimene zalowerera m'tsamba miyezi yonseyo zimatsala. Wojambula uja anakuonetsani galu akudya. Sanakuonetseni nkhama zake patapita masiku anayi. Ngati galu wanu ali ndi vuto la m'mimba, funsani dokotala wa ziweto. Ali ndi mankhwala opangidwira agalu. Safunsa adadya phula.

Zikachitika kuti galu wagwetsa botolo n'kudya wambiri, musataye nthawi. Chotsani zotsala. Muikireni madzi oyera. Yerekezani kuchuluka kwa zimene wadya ndi nthawi imene wadya, mupite kwa dokotala tsiku lomwelo, pakuti m'maola oyamba angathe kumusanzitsa bwinobwino zisanalowe m'magazi. Ku Lilongwe kuli chipatala cha LSPCA, ndipo m'maboma muli a vetenale. Musamumwetse madzi amchere kuti asanze. Musayerekeze. Njira imeneyo yapha agalu amene akanachira. Mkaka nawonso sutsuka magazi, umangowonjezera kutsegula m'mimba. Ndipo ngakhale aoneke wamphamvu mawa lake, muziyang'ana nkhama zake ndi mkodzo wake tsiku lililonse kwa sabata yathunthu.

Mwina mukuti kimchi kwanu kulibe, nkhaniyi si yanu. Vundukulani mphika wa ndiwo za lero. Muli anyezi wokazinga. Muli mchere. Mwina muli adyo, mwina kambuzi. Makombo a tsiku ndi tsiku amene timakhuthulira agalu ali ndi adani omwewo, angosiyana kuchuluka. Zotsala za pa ukwati, mpunga wothira anyezi wambiri, msuzi wa kanyenya, acha wa mango: zonsezo ndi za anthu. Agalu ambiri a m'makomo mwathu amapulumuka chifukwa msuzi umene amalandira ndi wochepa. Tsiku la phwando, mphika wonse ukapita kwa galu mmodzi, mwayiwo umatha.

Mankhwala ake ndi ophweka, ndipo safuna ndalama. Mupatulireni zake musanathire anyezi ndi mchere. Nsima kapena phala la madeya, usipa wowiritsa wopanda mchere, dzira lophika, dzungu, karoti, kabichi wowiritsa pang'ono. Madzi asasowe. Zotsala zokhala ndi tsabola ndi adyo zikwirireni kudzenje la manyowa komwe sangafukule. Kutaya mbale imodzi ya ndiwo n'kotchipa kuposa diripu.

Ndinu achinyamata, mumachita zinthu mothamanga, ndipo mbale mumaikhuthula maso ali pafoni. Sindikukudzudzulani. Ine ndinalakwa ndili mayi wamkulu, mwana wamng'ono akundichenjeza. Inu mwauzidwa nthawi ikadalipo. Galu amene amagona panja kuti inu mugone m'nyumba alibe mawu okanira. Sangafunse kuti muli chiyani. Funso limenelo ndi lanu, madzulo aliwonse, musanawerame kuika mbale pansi. Mukauzenso ang'ono anu, mukauze aliyense amene amachotsa mbale pakhomo panu. Ndipo mwana akakuuzani kuti galu akuwawidwa, mumumvere.