Amuna anga sapeza tulo chichokereni ku Chilobwe

Funso: Amuna anga ndi wapolisi. Anali nawo pofukula mitembo m'matope ku Chilobwe nthawi ya namondwe wa Freddy mu 2023. Mpaka lero mvula ikagunda malata amadzidzimuka, usiku amabwebweta, mowa nawo awonjeza. Nditani?
Mayi wa ku Blantyre

Yankho: Mayi, zimenezi zikufanana ndi matenda a maganizo otchedwa PTSD. Ubongo umakhalabe tcheru ngati ngoziyo ikuchitika lero. Ambiri mantha otere amawathera pa milungu ingapo. Akapitirira mwezi n'kumasokoneza tulo ndi ntchito, pafunika achipatala.

Musawaumirize kufotokoza zomwe anaona. Apolisi anazolowera kuuzidwa kuti mwamuna salira, ndiye mawu oti "mukudwala mutu" angowatseka pakamwa. Yambirani pa tulo: "Bambo, simukugona, tiyeni tikaonane ndi dokotala." Mowawo umagonetsa msanga koma umadula tulo pakati pa usiku, maloto oipa n'kuchuluka.

Ku chipatala cha Queen Elizabeth kuli madokotala a maganizo, ndipo uphungu umathandiza ngakhale patapita zaka. Amuna anu akangotchula zodzipha, musadikire kuti kuche. Pitani nawo tsiku lomwelo.