Madigiri 6 a m'beaker, madigiri 75 a m'ndowa

Amayi amene amapanga sopo m'magulu awo amadziwa kuti kositiki soda akalowa m'madzi, madziwo amatentha. Kukula kwa kutenthako kumatheka kukuwerengera munthu asanakhudze n'komwe ndowa. Mnyamata wina wa Folomu 4 njira yowerengera ankaidziwa bwino, koma anaisiyira panjira.

Tsiku lina ku labu aphunzitsi a Chemistry anapatsa gulu lililonse magalamu 4 a sodium hydroxide, amene ndi kositiki soda yemweyo, ndi madzi olemera magalamu 100. Ntchito inali yoyeza kutentha kwa madzi, kuthira mankhwalawo, kutakasa, ndi kuona pamene thermometer ifike isanayambe kutsika. Kenako uchulukitse zinthu zitatu: kulemera kwa madzi, nambala ya 4.2, ndi madigiri amene akwera. Nambala ya 4.2 ikuimira ma joule amene galamu imodzi ya madzi imafuna kuti ikwere ndi digiri imodzi.

Makapu a polystyrene anachepa, choncho gulu lake linatenga beaker ya galasi yopanda chivundikiro. Anatakasa mwaulesi, timibulu toyera ta soda tili khale pansi, nkhani za mpira zili mkati. Pomwe amakumbukira thermometer, inali pa 30, kuchoka pa 24. Mnyamatayo analemba: 100 × 4.2 × 6 = ma joule 2,520.

Masamu ake analibe vuto, koma nambala ya 6 inali yopelewera. Magalamu 40 a sodium hydroxide akasungunuka m'madzi ambiri amatulutsa ma kilojoule pafupifupi 44. Magalamu 4 ayenera kutulutsa ma joule cha m'ma 4,400, ndipo madziwo akanakwera ndi madigiri 10 ndi pang'ono. Kutentha kwina kunalowa m'galasi, kwina kunathawira mumpweya pa nthawi imene amacheza ija. N'chifukwa chake aphunzitsi amalimbikira kapu ya polystyrene, chivundikiro, kutakasa kosalekeza, ndi kuwerenga thermometer theka la mphindi lililonse. Pa ntchito ngati imeneyi kutentha kukathawa, yankho limachepa nthawi zonse, ndiye chinthu choopsa chimaoneka chofatsa.

Patchuthi anapita kwa azakhali ake, amene anali atangoyamba kupanga sopo wogulitsa pamsika. Tsikulo anali ndi kilogalamu imodzi ya kositiki soda ndi malita 2 a madzi.

"Azakhali, musavutike n'kuthira pang'onopang'ono, dzuwa likulowa. Zimenezi tinayesa kusukulu. Madzi amangofunda, madigiri 6 basi."

"Iwe mwanawe, ukunena zoona? Amene anatiphunzitsa anati soda ndiye apite m'madzi, komanso ndi kasupuni."

"Zoona, azakhali. Ndinayeza ndekha."

Mayi aja anamukhulupirira, poti mwana wa sukulu. Anakhuthulira soda yense m'ndowa, mnyamatayo n'kuthira madzi pamwamba. Ndowa inachita phokoso ngati mafuta pamoto, nthunzi yotsamwitsa inakwera, ndipo madontho anathovukira pamkono ndi patsaya la azakhali amene anali atawerama ndi mthiko. Mwayi wake mayi wina woyandikana nawo anawathamangitsira kumjigo n'kuwapopera madzi kwa nthawi yaitali asanapite nawo kuchipatala. Diso linapulumuka. Pamkono panatsala zipsera.

Chimene chimandiwawa pa nkhaniyi n'chakuti ngakhale nambala yake yopelewera ija ikanamuchenjeza, akanangomaliza masamu. Iye anasunga madigiri m'mutu, ma joule n'kuwaiwala m'kope. Madigiri amangonena za madzi amene uli nawo pa nthawiyo. Makala owiritsa tiyi m'kaketulo sangafunditse mgolo wa madzi, ngakhale moto uli umodzimodzi. Chimene ungachoke nacho kulabu kupita nacho kundowa ndi ma joule pa galamu iliyonse ya soda.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Kuchoka pa magalamu 4 kufika pa 1,000, soda wachuluka ka 250. Madzi, kuchoka pa magalamu 100 kufika pa 2,000, achuluka ka 20 kokha. Ma joule 2,520 kuchulukitsa ka 250 ndi 630,000. Madzi a malita 2 amafuna ma joule 8,400 pa digiri iliyonse. Ukagawa 630,000 ndi 8,400 upeza madigiri 75. Uwonjezere pa 24 aja, wafika pa 99, pafupi kuwira. Ndi nambala yoyezedwa bwino, kutentha kotuluka kumayandikira ma joule 1,000,000, kokwanira kuwiritsa zonse za m'ndowamo. 

Kuthira madzi pamwamba pa soda kunawonjezera ngoziyo. Madzi oyamba kugwa amakhala ochepa, akumana ndi mulu wonse wa soda, ndiye amawira pomwepo n'kulavula madontho owotcha. Soda akamapita m'madzi ozizira pang'onopang'ono, munthu akutakasa, madzi onse amagawana kutenthako ndipo kwina kumapeza mpata wothawa. Lamulo lomweli ndi limene limagwira ntchito posungunula asidi wamphamvu: asidi ndiye amapita m'madzi.

Amene mukukonzekera mayeso a MSCE, mukapeza ma joule musaime pomwepo. Agaweni ndi ma mole a mankhwala amene munathira, muike chizindikiro chochotsera kusonyeza kuti kutentha kwatuluka, ndipo mulembe ngati ndi ma joule kapena ma kilojoule, poti kusiyana kwake ndi ka 1,000. Amene mumapanga sopo, pangirani panja, muvale magolovesi ndi magalasi oteteza maso, ana akhale kutali, madzi ambiri akhale pafupi. Soda akakudontherani, tsukani ndi madzi oyenda kwa mphindi zosachepera 20, kenako pitani kuchipatala. Musasungunulire soda mumphika wa aluminiyamu: amaudya mphikawo, kutentha kumawonjezeka, ndipo pamatuluka mpweya wa hydrogen umene umayaka ukakumana ndi moto.