KUSOWA TULO PA NTHAWI YA MAYESO

Mwezi wa Okutobala ukafika, nyumba zambiri m'makomboni sizigona msanga. Kunja kumakhala kukutentha koopsa, udzudzu ukulira m'makutu, ndipo pathebulo pamakhala mwana wa Giredi 12 kapena wa Giredi 7 ataweramira mabuku. Ndi pa nyengo imeneyi pamene amai ambiri amafika kukiliniki ndi ana ao nadandaula kuti mwana sagona, mutu umuwawa, nsima safuna, ndipo zonse zimene awerenga zimuthawa. Akamupima, malungo sapezeka. Kawirikawiri cimene cimubvuta ndi nkhawa ya mayeso, ndipo nkhawayo ndiyo yamulanda tulo.

Munthu akagwidwa ndi mantha, thupi lace limatulutsa timadzi tochedwa adrenaline ndi cortisol. Nchito ya timadzi timeneti ndi kukonzekeretsa thupi kuti lithawe coopsa. Mtima umathamanga, minofu imakungika, ndipo maganizo amakhala cheru. Koma thupi silidziwa kusiyanitsa njoka imene ili pakhomo ndi pepala la masamu la Lolemba. Motero mwana amagona pamphasa ali wotopa ndithu, koma tulo osabwera, cifukwa m'kati mwace thupi lili pa ulonda.

Mwana wa zaka 13 kufikira 18 afunika kugona maola 8 kufikira 10 usiku uliwonse. Wa zaka zocepera apo afunika maola 9 kufikira 12. Pa msinkhu wa unyamata tulo timacedwanso kubwera madzulo kusiyana ndi mmene timabwerera kwa ana ang'ono. Ici ndi cibadwa, si ulesi kapena mwano ai.

Cinthu cimene ana a sukulu ambiri sadziwa, ngakhalenso makolo ao, ndi cakuti tulo ndi mbali ya kuwerenga. Zimene mwana waphunzira masana zimakhala ngati cimanga cimene cangounjikidwa pabwalo. Ndi pa nthawi ya tulo pamene bongo umasankha ndi kulonga zinthuzo m'nkhokwe kuti zikapezeke pa tsiku la mayeso. Mwana amene wacezera usiku wonse waunjika cimanga cambiri, koma sanacilonge. M'mawa akakhala pa desiki amaona funso, nadziwa kuti analiwerenga dzulo, koma yankho osatuluka. Mu 1997 akatswiri a ku Australia anapeza kuti munthu amene wakhala maso maola 17 osagona amacedwa kucita zinthu ndi kulakwitsa mofanana ndi munthu amene wamwako mowa. Palibe kholo limene lingapatse mwana mowa popita kukalemba mayeso, komabe ambiri amamutama akamuona ali pa mabuku mpaka tambala woyamba.

Bvuto lina limabadwa pa bvuto loyambali. Mwana akalephera kugona masiku awiri kapena atatu, amayamba kuopa kusowa tuloko kuposa mayeso enieniwo. Amagona akuyang'ana nthawi pa foni nawerengera maola amene atsala. Akati adzikakamize kugona, mtima umathamanga kwambiri, ndipo tulo timathawiratu. Mwana wotere afunika kuuzidwa mosabisa kuti usiku umodzi wosagona bwino sungafafanize zimene waphunzira caka conse. Ana ambiri amagona pang'ono usiku wa pepala loyamba, koma amalemba bwinobwino. Ngakhale kungogona cete maso ali cotseka kumapumitsa thupi. Cimene cimaononga ndi kucezera masabata athunthu.

ZIMENE ZIKULITSA BVUTO

Ana a sukulu ali ndi nzeru zao zothamangitsira tulo. Ena amabviika mapazi m'beseni la madzi ozizira. Ena amamwa tiyi wakuda bii, khofi, zakumwa za kola, kapena zija za m'zitini zimene amati zipatsa mphamvu. Zonsezi, kucotsako madzi a m'beseni, zili ndi kafeini. Kafeini sacoka msanga m'thupi: pakapita maola ngati 5, theka lace limakhala likali m'magazi. Kapu ya khofi yomwedwa 17 koloko imakhala ikugwirabe nchito 22 koloko. Mapilitsi ena a mutu ogulidwa patuntemba alinso ndi kafeini, motero mwana amene amwa mapilitsiwo cifukwa ca mutu wobwera ndi kusagona angakhale akuonjezera bvuto lace osadziwa. M'masabata a mayeso tiyi ndi khofi zikhale za m'mawa cabe.

Coopsa kwambiri ndi mapilitsi ogonetsa. Ena amapempha Valium kwa anansi kapena kugula mobisa. Mankhwala amenewa, amene dzina lace lina ndi diazepam, amasokoneza cikumbumtima ca zinthu zatsopano, ndipo thupi limawazolowera msanga kotero kuti munthu amalephera kugona popanda iwo. Piriton ndi mankhwala a cimfine ndi ziwengo. Amagonetsadi, koma mwana amadzuka mutu uli wolemera ndi maganizo ali ozizira, pa tsiku limene afunika kukhala wocangamuka. Mowa umagwetsa munthu msanga koma umadula tulo pakati pa usiku. Zoti camba cimatsegula mutu ndi bodza la pa mseu. Cimacepetsa cikumbumtima, ndipo ena cawabweretsera matenda a maganizo.

Foni nayonso ili ndi mlandu. Kuwala kwace kumacedwetsa timadzi ta melatonin timene timauza thupi kuti kwada. Kuposa apo, m'magulu a WhatsApp ndi mmene mumayenda mphekesera za mapepala obedwa ndi mafunso amene akuti adzabwera. Mwana akawerenga zimenezo 23 koloko, tulo ta usiku umenewo tapita.

COCITA PANYUMBA

Coyamba ndi nthawi yodzuka. Mwana adzidzuka nthawi imodzimodzi tsiku lililonse, Ciweru ndi Sondo lomwe, ngakhale atagona mocedwa. Thupi likazolowera nthawi yodzuka, nthawi yogona imadzikonza yokha patapita masiku angapo. Akadzuka atuluke panja aone dzuwa. Ngati masana tulo tamugwira, agone mphindi 20 kapena 30 cabe, ndipo cikhale 15 koloko isanakwane.

Mabuku atsekedwe kukali ola limodzi kuti akagone. Mu ola limenelo asambe, akonze yunifomu, bolopeni ndi zina zofunika mawa, aceze ndi abale ace. Ngati mutu wadzaza ndi zimene sanamalize, atenge pepala alembe zonse zimene zimudetsa nkhawa, ndi nthawi imene adzacite ciliconse mawa. Njira imeneyi ioneka yacibwana, koma imathandiza, pakuti maganizo amasiya kubwereza cinthu cimene calembedwa kale.

Akagona, tulo osabwera kwa mphindi ngati 20, asalimbane nato. Adzuke, akhale pampando pamalo a kuwala kocepa, acite kanthu kofatsa, osati kuwerenga za mayeso, ndipo abwerere kukagona maso akayamba kulemera. Kupuma pang'onopang'ono kumathandizanso: kukoka mpweya ndi mphuno powerenga kufikira 4, ndi kuutulutsa ndi pakamwa powerenga kufikira 6, mobwereza kwa mphindi zingapo. Mtima umatsika.

Malangizo amenewa ndi osabvuta kulemba, koma m'komboni zinthu sizili conco nthawi zonse. Nyumba ya zipinda ziwiri ingakhale ndi anthu asanu ndi atatu. Wailesi ya kanema ili m'cipinda cimene mwana agonamo, bawa ya pafupi ikuliza nyimbo mpaka usiku, ndipo malaiti angazime nthawi iliyonse, monga zinalili kwa maola ambiri pa tsiku mu 2024 pamene madzi anacepa ku Kariba. Ana ambiri amawerenga pakati pa usiku cifukwa ndi nthawi yokhayo imene nyumba imakhala cete. Apa ndi pamene banja lonse liyenera kulowererapo. Kwa masabata ocepa amenewa, wailesi izimitsidwe 21 koloko. Nchito zotunga madzi, kuphika ndi kugulitsa pamsika zigawiridwe ena, makamaka ngati wolemba mayesoyo ndi mtsikana, pakuti atsikana ndi amene amasiyidwa ndi mbale mpaka usiku nayamba kuwerenga anzao atagona. Mwana akapatsidwa maola awiri kapena atatu a masana, sadzafunikanso kuba nthawi ya tulo. Agone m'neti, ndipo kandulo isayake pafupi ndi netiyo.

Pakamwa pa makolo napo pamacokera nkhawa yambiri. Kukumbutsa mwana tsiku ndi tsiku za ndalama zimene zaonongedwa pa iye, kapena kumuyerekeza ndi mwana wa anansi amene anapita ku UNZA, sikuonjezera mamakisi. Mwana amene wauzidwa kuti akalephera asabwerenso panyumba amapita nao mauwo pogona. Ndi bwino atate kapena amai amufunse mofatsa cimene cimuopsa, namuuza kuti zotsatira zikabwera adzaziona pamodzi, ndi kuti wolephera phunziro lina angathe kulembanso pa GCE.

NTHAWI YOPITA KUCIPATALA

Kusowa tulo kwa mayeso kumatha mayeso akatha. Koma mwana apite naye kukiliniki ngati walephera kugona masiku atatu kapena kuposa pa sabata kwa masabata angapo, kapena ngati bvutolo lipitirira sukulu itatsekedwa. Apite naye msanga ngati thupi litentha, pakuti angakhale malungo, kapena ngati akhosomola, aonda ndi kutuluka thukuta usiku, zimene zingakhale zizindikiro za TB. Mwana wodwala khunyu asacezere konse, cifukwa kusagona kumautsa matendawo, ndipo asadumphe mankhwala ace.

Pali zizindikiro zina zimene siziyenera kudikira mawa. Mwana amene wasiya kulankhula ndi anzace, amangolira, wasiya kudya, kapena wanena kuti kuli bwino kufa kusiyana ndi kulephera, asasekedwe kapena kukalipiridwa. Asasiyidwe yekha, mankhwala a m'munda ndi mapilitsi abisidwe, ndipo afike kucipatala tsiku lomwelo. Mabanja ena amaopa kuti anthu adzati mwana wapenga ndipo adzatumizidwa ku Chainama. Ambiri mwa ana otere amathandizidwa pakiliniki pomwepo mwa kukambirana ndi aphungu, nabwerera kunyumba. Mwana amene acita manyazi kuuza makolo angaimbe nambala 116 ya Childline, imene ndi yaulere ndipo imayankhidwa usana ndi usiku.