ZOTSEKEMERA NDI NTHENDA YA SHUGA PABANJA PANU

Amayi, pamene mukudikira kuti mwana wanu akwere sikelo, takumbukirani tiyi wa m'maŵa uno. Kodi munathiramo masupuni angati a shuga? Nanga m'phala la mwana? Kuno ku Chambe, m'munsi mwa phiri la Mulanje, zotsekemera sizisoŵa. Nzimbe zili m'madimba, zinanazi ndi nthochi zili pamsika, ndipo ena amaŵeta njuchi. Zonsezi n'zabwino, koma pakhomo pamene pali wodwala nthenda ya shuga ziyenera kudyedwa mwanzeru. Popeza ndinu amene mumagwira mthiko, phunziro ili ndi lanu.

KODI NTHENDA YA SHUGA N'CHIYANI?

Nsima, chinangwa, mbatata ndi mpunga zimasanduka shuga m'thupi, ndipo shugayo amaloŵa m'magazi. Kapamba amatulutsa madzi otchedwa insulini, amene amatsegulira shugayo njira yoloŵera m'minofu kuti atipatse mphamvu. Insulini akachepa, kapena akaleka kugwira bwino ntchito, shuga amaunjikana m'magazi ndi kuwononga maso, impso, mtima ndi mitsempha ya kumapazi.

Kafukufuku wa Unduna wa Zaumoyo wa m'chaka cha 2009 anapeza kuti mwa akulu 100 alionse a zaka 25 mpaka 64 m'Malaŵi muno, pafupifupi 6 anali ndi nthendayi. Zizindikiro zake ndi ludzu losatha, kukodza kaŵirikaŵiri makamaka usiku, kuwonda popanda chifukwa, kufooka, ndi zilonda zosapola msanga. Mayi amene anabereka mwana wolemera kuposa makilogalamu 4 ayeneranso kukayezetsa magazi, pakuti nthaŵi zina shuga amakwera mayi akakhala ndi pakati.

UCHI, NZIMBE NDI SHUGA WABULAUNI

Ambiri akaletsedwa shuga kuchipatala amati, "Tsono ndizithira uchi, popeza ndi wachilengedwe." Akulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Pa magawo 10 a uchi, pafupifupi magawo 8 ndi shuga. Shuga wa m'sitolo amachokera ku nzimbe za ku Nchalo ndi ku Dwangwa, choncho wotafuna nzimbe akudya shuga yemweyo. Shuga wabulauni wangosiyana ndi woyera pa maonekedwe. Thobwa, sikwashi ndi madzi ofinyidwa kuchokera ku zipatso nazonso zimakweza shuga m'magazi mofulumira.

Chipatso chodya chathunthu n'chabwino koposa madzi ake, chifukwa chili ndi timaulusi timene timachedwetsa shuga kuloŵa m'magazi. Wodwala angadye gwafa mmodzi, kagawo ka papaya kapena chidutswa chimodzi cha chinanazi, koma osati chinanazi chonse. Mapeyala ali ndi shuga wochepa kwambiri.

Ena amati shuga ndi wofunika chifukwa ali ndi vitamini A. N'zoona kuti kuyambira mu 2012 shuga wa m'dziko muno amathiridwa vitamini ameneyu. Komabe ichi si chifukwa chowonjezera masupuni. Vitamini A alimo wambiri mu mbatata yofiira m'kati, maungu, mango, bonongwe ndi nkhwani.

TIMAPILITSI TOTSEKEMERETSA

M'masitolo akuluakulu amagulitsa timapilitsi kapena kaufa kothira mu tiyi m'malo mwa shuga. Zomwezi zimaikidwanso m'zakumwa zina za m'mabotolo, ndipo maina ake amalembedwa pa botolopo. Saccharin, amene anatulukiridwa ku America mu 1879, amatsekemera kuposa shuga pafupifupi ka 300. Aspartame amatsekemera ka 200, ndipo sucralose ka 600. Stevia amachokera ku masamba a chomera chimene kwawo ndi ku Paraguay.

Ubwino wake ndi wakuti zinthu zimenezi sizikweza shuga m'magazi monga achitira shuga ndi uchi. Wodwala amene sangathe kumwa tiyi wosatsekemera angathire pang'ono, atayamba wafunsa kuchipatala. Koma dziŵani izi:

1. Timapilitsi timeneti si mankhwala. Sitichiritsa nthenda ya shuga, ndipo wodwala asaleke mankhwala ake chifukwa cha ito.

2. Mabisiketi ndi makeke olembedwa kuti alibe shuga amapangidwa ndi ufa, ndipo ufawo umasanduka shuga m'thupi.

3. Mu Meyi 2023 bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO linalangiza kuti anthu amene alibe nthenda ya shuga asadalire zotsekemeretsazi pofuna kuchepetsa thupi, chifukwa sizithandiza kwa nthaŵi yaitali.

4. Mu Julayi 2023 akatswiri a bungwe lomwelo ananena kuti mwina aspartame angayambitse khansa, ngakhale kuti umboni wake ndi wochepa. Anati munthu wa makilogalamu 70 angapyole muyeso woyenera pokhapokha atamwa zitini zoposa 9 mpaka 14 za chakumwa chotere tsiku lililonse. Choncho pang'ono sipaopsa, koma madzi abwino ndiwo chakumwa choposa zonse.

NANGA MWANA ALI KUMSANAYO?

Lilime la mwana limaphunzira kwa amake. Mukamuzoloŵeza zotsekemera akali wamng'ono, adzazifuna mpaka kukula. Muyamwitseni bere lokha kwa miyezi 6 yoyamba. Mukayamba kumupatsa phala, thiranimo nsinjiro, nthochi yakupsa kapena peyala m'malo mwa shuga. Mwana wosakwana zaka 2 asamwe zakumwa za shuga, ndiponso asapatsidwe timapilitsi totsekemeretsa. Mwana wosakwana chaka chimodzi musam'patse uchi ngakhale pang'ono, pakuti nthaŵi zina mu uchi mumakhala tizilombo timene timafooketsa khanda mpaka kulephera kuyamwa ndi kupuma.

Munthu wamkulu wopanda nthendayi asapyole masupuni ang'ono 12 a shuga pa tsiku, ndipo 6 ndiwo abwino koposa. Botolo limodzi laling'ono la chakumwa chotsekemera lingakhale ndi masupuni okwana 8.

PAMENE SHUGA WENIWENI AMAPULUMUTSA MOYO

Musachotse shuga yense m'nyumba. Pali nthaŵi ziŵiri pamene timapilitsi tija sitingathandize konse.

Yoyamba: wodwala amene amamwa mankhwala a shuga kapena kubaya insulini akachedwa kudya, kapena akalima kwambiri, shuga angatsike kopitirira muyeso. Amanjenjemera, amatuluka thukuta, amamva chizungulire ndi kulankhula zosamveka. Sungunulani masupuni ang'ono 3 kapena 4 a shuga m'theka la kapu ya madzi ndi kum'mwetsa msanga. Ngati sakupeza bwino patapita mphindi 15, bwerezani, kenaka m'patseni chakudya. Ngati wakomoka musam'thire kanthu m'kamwa. Thamangirani naye kuchipatala.

Yachiŵiri: mwana akatsegula m'mimba, m'patseni Thanzi ORS. Ngati mulibe, sungunulani masupuni ang'ono 6 osasefukira a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi ya madzi oŵiritsa ndi kuziziritsa. Shugayo ndiye amathandiza mchere ndi madzi kuloŵa m'thupi. Pitirizani kuyamwitsa ndipo pitani naye kuchipatala.

KUMBUKIRANI

Chepetsani shuga wa mu tiyi ndi theka la supuni sabata iliyonse, banja lonse pamodzi, kuti wodwala asaone ngati akulangidwa yekha. Kuona maso a nkhono n'kudekha: lilime lidzazoloŵera. Phikani nsima ya mgaiwa yocheperapo, ndiwo zamasamba zambiri, nandolo, nyemba ndi usipa. Ngati mwaona zizindikiro tatchula zija pa inu kapena pa wina wa m'banja mwanu, auzeni anamwino kapena alangizi a zaumoyo lero lomwe, musanabwerere kunyumba. Iwo adzakuuzani za kayezedwe ka magazi, ndipo ngati n'kofunika adzakutumizani ku chipatala chachikulu cha pa Boma kapena cha Mulanje Mission.