Mafunso ndi mayankho: kukonzekeretsa wolankhula koyamba pa msonkhano

Funso: Ndine namwino wamkulu ku Zomba. Mtsikana amene ndimamuyang'anira akafotokoza kafukufuku wake pa msonkhano wa yunivesite ya KUHeS ku Blantyre. Wapatsidwa mphindi 10, koma ali ndi mantha zedi. Ndimuthandize bwanji?

Yankho: Mayi, mwachita bwino kufunsa nthawi ikadalipo. Choyamba, musamulembere zokanena. Mukhale naye pansi, kompyuta itatsekedwa, mumufunse kuti wapeza chiyani. Akakuyankhani m'chiganizo chimodzi chomveka, nkhani yake yagona pamenepo. Zina zonse zingochirikiza mfundo imeneyo.

Olankhula koyamba ambiri amagwa pa nthawi. Amathera mphindi zambiri pa mawu oyamba, ndipo wapampando akamakweza chikwangwani cha mphindi imodzi, zotsatira asanazikhudze n'komwe. Zimandimvetsa chisoni, chifukwa anthu amakhala atabwerera zotsatirazo. Pa mphindi 10, masilaidi asapitirire 10, ndipo pofika silaidi yachinayi akhale atayamba zimene anapeza. Ayeserere ataimirira, mokweza mawu, inu mutagwira wotchi, mpaka azimaliza pa mphindi 9. Ziganizo ziwiri zoyambirira aloweze pamtima, poti mawu amanjenjemera kwambiri poyambapo.

Kenako itanani anzake a mu wodi amuponyere mafunso ovuta. Aphunzire kuyankha mosachita manyazi kuti mbali imene afunsayo kafukufukuyu sanaione. Pomudzudzula, tchulani zinthu ziwiri zokha.

Tsikulo akafike msanga, akayese maikolofoni, atengenso masilaidi pa fulashi. Inu mukakhale kutsogolo pomwe angakuoneni, koma funso likabwera, musamuyankhire.