Gumbwa

Dera la Mfumu Khombedza lili kumpoto kwa boma la Salima, kufupi ndi Nyanja ya Malaŵi. Dzikolo ndi lachigwa, ndipo mitsinje yochokera kumapiri a kumadzulo ikafika kumeneko imayenda pang'onopang'ono. M'malo ena madzi sauma chaka chonse. M'malo otere ndi m'mene mumamera gumbwa.

Ana ambiri amasokoneza gumbwa ndi bango, koma zomera ziŵirizi ndi zosiyana. Bango lili ndi mfundo ngati nzimbe, m'kati mwake ndi mwamphako, ndipo masamba ake ndi osongoka, olasa. Gumbwa alibe mfundo. Phesi lake ndi losalala, lobiriŵira, ndipo munthu akalizunguza pakati pa zala amamva kuti lili ndi mbali zitatu. Akalithyola amapeza m'kati moyera ndi mofeŵa ngati chinkhupule. Phesilo limatha kutalika mamita 4, lopanda tsamba, ndipo kunsonga kwake kumakhala timizere tambirimbiri tobiriŵira tobalalika ngati tsache.

Bango limamera ngakhale pamchenga wa m'mbali mwa mtsinje, pamene pamauma m'chilimwe. Gumbwa satero ayi. Iye amafuna madzi nthaŵi zonse. Mizu yake imalukanalukana mpaka kupanga chiphasa chachikulu choyandama pamadzi. Pamwamba pamaoneka ngati pamtunda, chonsecho pansi pali madzi akuya ndi matope. Mbusa wosadziŵa akhoza kuloŵetsapo ng'ombe, kapena kupondapo iye mwini, n'kutitimira. Ng'ona nazonso zimabisala momwemo. N'chifukwa chake asodzi ndi abusa akaona gumbwa amadziŵiratu kuti pamenepo si poyenda ndi miyendo.

Komabe gumbwa ndi wothandiza. Amatchinga matope obwera ndi madzi a mvula kuti asaloŵe onse m'nyanja. Milamba ndi tiana ta nsomba zina timapeza chakudya ndi pobisala pakati pa mizu yake. Anthu amadula mapesi, kuwayanika padzuŵa, ndi kulukira mphasa. Kale ku Igupto, zaka zoposa 4,000 zapitazo, anthu ankalenga m'kati mwa phesi la gumbwa timizere topyapyala, n'kutisanjikiza ndi kutipsinja kuti apange mapepala olembapo.

Mafunso

1. Tchulani zinthu ziŵiri zimene zimasiyanitsa gumbwa ndi bango.
2. Kodi n'chifukwa chiyani n'koopsa kuponda pamene pamera gumbwa?
3. Pangani chiganizo ndi mawu akuti "kutitimira".